Chigongono cha Chemo Irizarry

Anselmo Irizarry anabadwira ku Boca Prieta m'chaka cha 1953, m'kanyumba ka matabwa koyang'anana ndi fakitale ya shuga. Dzina la Anselmo linathera pa kalata ya ubatizo. Tauni yonse inkamuti Chemo. Bambo ake, Don Eusebio, anali odula nzimbe, afupi koma a mapewa otakata, ndipo Loweruka lililonse ankabwera atakhuta kachasu wa nzimbe n'kuyamba kufunsa ana awo mafunso opanda mayankho. Wolephera kuyankha ankamukwapula ndi chikwanje, mochigoneka kuti chisacheke. Msana wa Chemo unakula ndi mizere.

Atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu, Chemo anali atawapitirira bambo akewo ndi mutu wonse. Loweruka lina chikwanje chitakwera m'mwamba, iye anagwira dzanja lochinyamulalo n'kulipotokola mpaka chala china chinalira kuti thyo! Don Eusebio anakhala pansi, kuyang'ana chalacho, kuyang'ana mwana wawo. Sanamumenyenso mpaka imfa yawo, koma anatha chaka chathunthu osamulankhula. Chemo anatolapo phunziro limodzi lokha: munthu ukamupweteka mokwanira, amakusiya.

Kuseri kwa tchalitchi kunali bwalo la simenti la basiketibolo, ndipo madzulo aliwonse anyamata a m'tauni ankathera kumeneko. Chemo kuchinya sankatha. Mpira ukachoka m'manja mwake unkamenya thabwa la kuseri kwa mkombero wochinyiramo ngati mwala wogendera galu. Koma pansi pa mkombero, pamene anthu amalimbirana mpira wobwerera, panalibe womusuntha. Wofika pafupi ankabwerako atagwira nthiti.

Tsiku lina anaima kunja kwa waya Don Hipólito Vendrell, mwini sitolo ya simenti ndi malata, amenenso anali mwini wa Zinkhanira za ku Boca Prieta, timu ya tauniyo mu ligi yaikulu ya pachilumba. Anaonerera kwa kanthawi, ndudu ili pakamwa, kenako anamukodola.

"Ndiwe mwana wa Eusebio?"

"Eya, Don Hipólito."

"Mpira umaponya ngati ukuthamangitsa nkhuku m'munda."

"Ndikudziwa."

"Zilibe kanthu. Ochinya ndili nawo, ndipo ndi ofewa ngati mapapaya. Ine ndikufuna munthu woti anyamata a matimu enawo akamuona, aziyamba akumbukira kuti kunyumba anasiya amayi awo. Ungathe?"

Chemo anavala jezi yofiira ya Zinkhanira mu 1973, nambala 15, ndipo Don Hipólito anamupatsanso ntchito yonyamula matumba a simenti kusitolo. Zaka zisanu ndi ziwiri zotsatira, dzina lake linamveka m'mabwalo onse a pachilumba, koma osati chifukwa cha mabasiketi. Ankadziwa kuponda phazi la munthu pamene akufuna kudumpha. Ankadziwa kulowetsa bondo kuseri kwa ntchafu, kutsina pamimba, kukoka kabudula. Koposa zonse anali ndi chigongono chakumanja, chosongoka ngati nsonga ya pikisi, ndipo ankachiponya nthawi imene woyimbira wayang'ana kwina. Masapota a ku Boca Prieta ankaimba, ng'oma zikugunda: "M'patse, Chemo! M'patse!" Nayenso ankalandira. Mano atatu akutsogolo anawasiya m'matauni atatu osiyana. Mphuno yake inathyoka kangapo mpaka inangokhotera kumanzere n'kukhazikika komweko. Akapita kukasewera koyenda, basi yawo inkabwerako yopanda magalasi, osewera atagona pansi pa mipando, miyala ikuvumba padenga ngati matalala.

Anakwatira Migdalia Arocho, wosoka m'fakitale ya zovala, mkazi wosaopa munthu. Iye ankamusoka Chemo zikope ndi ulusi wa kufakitale akakana kupita kuchipatala. Migdalia anali ndi mchimwene wake, Rufo, amene ankaimba ng'oma yaikulu ya masapota. Rufo ankakonda mlamu wakeyo kuposa mlongo wake weniweni. Pa ukwati analedzera n'kulengeza kuti banja la Arocho lakwatiwa ndi chigongono chopambana pachilumba chonse.

Mu 1979 Zinkhanira zinafika mu ndime yachiwiri kwa yomaliza n'kukumana ndi adani awo akale, Akabawi a ku Peñas Altas, tauni ya kumapiri. Chaka chimenecho Akabawi anali atabweretsa mnyamata wa zaka makumi awiri ndi chimodzi, Nazario Feliciano, mwana wa anthu a pachilumba pompano koma wokulira ku New York. Chisipanishi chake chinali chopunduka, koma mpira ankaudziwa. Ankadutsa pakati pa anthu ngati mlamba m'matope. Chemo akaponya bondo, linkapeza mphepo. Akaponda, phazi linali litachoka kale. Ndiye mnyamatayo anali ndi pakamwa.

"Agogo, mwatopa? Ndikubweretsereni mpando?"

"Uzisewera mpira, mwana iwe."

"Ndikusewera. Inuyo mukutani? Mukudikira basi?"

Pofika nthawi yopuma Nazario anali atachinya mapointi makumi awiri ndi anayi. M'chipinda chovalira, Don Hipólito sanakalipire munthu aliyense. Anangodzakhala pambali pa Chemo n'kulankhula motsitsa, ngati akufunsa za odwala kunyumba.

"Kamwana kaja kakukuseka, Chemo. Anthu zikwi zitatu akuona. Mkazi wako akuona. Kaya, mwina zaka zakwana."

Anabwerera m'bwalo. Mpira woyamba wobwerera pa mkombero, Nazario anadumpha kumbuyo kwa Chemo. Chemo anamumva ndi msana. Anadikira kuti nkhope itsike kufika pa phewa lake, n'kutembenuka ndi thupi lonse. Phokoso lake linali ngati la kokonati wogwera pa simenti. Nazario sanakuwe n'komwe. Anagwa chagada, miyendo ikuphiriphitha, ndipo pamene panali diso lakumanzere panali potupa pakuda potuluka magazi ndi madzi.

Osewera a Akabawi anathamangira Chemo onse pamodzi. Masapota analumpha mpanda, mipando yachitsulo inauluka, wapolisi wina anathyoka mkono. Masewero anapitirira patatha ola, ndipo Zinkhanira zinapambana. Ligi inamuletsa Chemo kusewera kwa zaka ziwiri. Ku Boca Prieta anamuwotchera nkhumba yathunthu pabwalo la tauni, Rufo akugunda ng'oma mpaka manja kutupa.

Patatha masiku anayi Chemo anamva kuti diso la Nazario lija madokotala alichotsa. Sanauze munthu. Anavala shati yoyera n'kukwera galimoto ya matola kupita kuchipatala cha mumzinda. Pakhomo la chipinda cha Nazario panakhala mayi ake, mzimayi wamng'ono thupi, wovala jasi ya kumaiko ozizira, amene anali atangotsika ndege dzulo lake. Mayiyo anamuzindikira Chemo ndi mphuno yokhota ija.

"Ndinu munthu uja."

"Ndine, Doña. Ndabwera kuti..."

"Pindani malayawo. Ndichione."

Chemo anapinda mkono wa shati. Mayiyo anaimirira, anagwira chigongonocho ndi zala zake zozizira, kuchitembenuza uku ndi uku ngati akusankha chinangwa pamsika.

"Sichinatupe n'komwe," anatero.

Kenako anamulavulira kumaso, n'kulowa m'chipinda, n'kutseka chitseko. Chemo anatsika masitepe malovuwo asanawapukute.

Zaka ziwiri zitatha Don Hipólito anamutumizira jezi yatsopano. Chemo anaibweza ili m'pepala lake, ndipo Lolemba lotsatira ntchito ya kusitolo inatha. Anayamba kuyendetsa lole ya miyala. Kunyumba anali munthu wovuta: wosalankhula, wodzidzimuka m'tulo, womenya khoma ndi chibakera mpaka matabwa kusweka. Tsiku lina mwana wawo Yolanda, ali ndi zaka zisanu, anataya mbale ya mpunga ndi nyemba, ndipo Chemo anadzuka dzanja lili m'mwamba. Migdalia anaima pakati, sizasi yosokera ili m'manja.

"Tsitsani dzanjalo pa mwanayu, ndipo ine nditsitsa iyi pamimba panu. Kuno si kubwalo, Anselmo. Kuno kulibe woimba ng'oma."

Dzanja linatsikira m'thumba. Anatuluka n'kukakhala m'lole mpaka chakudya chinazizira.

Amene anamukokera ku wezulo anali woyimbira wina wokalamba, Don Críspulo, yemwe kale anamutulutsapo m'bwalo kosawerengeka. Anakumana pamalo othirira mafuta.

"Anyamata a masiku ano akutinamiza, Chemo. Maso athu satha kuona zimene akuchita pansi pa mkombero paja. Wakuba ndi amene amadziwa zenera losakhoma. Bwera udzayimbire."

"Ine? Anthu adzaseka."

"Adzaseka sabata yoyamba."

Anayamba ndi mipira ya ana asukulu, ndipo mu 1984 anavala malaya a oyimbira mu ligi yaikulu. Anasekadi sabata yoyamba yokha. Chemo sankayang'ana mpira ngati oyimbira ena. Ankayang'ana mapazi, mawondo ndi zigongono. Munthu asanachite chinyengo, iye anali atachiona kale m'mapewa.

"Lifali, ine sindinamukhudze! Ndikulumbira pa manda a agogo anga!"

"Phazi lako linali pamwamba pa lake, aise. Njira imeneyo amalume ako ndinawaphunzitsa ndine. Siya agogo agone."

Osewera anayamba kumulemekeza, koma masapota a tauni iliyonse ankamuda mofanana. Anamugenda ndi ndalama zachitsulo, mabatire a tochi, madzi oundana, makapu a mkodzo. Ku tauni ina batire linamung'amba pachipumi, anamusoka kasanu ndi kawiri pa nthawi yopuma, n'kubwereranso kudzamaliza masewero. Kwina anapeza galimoto yake atayigubuduza, mataya ali m'mwamba. Mayi wina wachikulire anamumenya ndi ambulera m'khosi akutuluka m'bwalo, akumutchula mayina oti ansembe sangabwereze. Pa zonsezi, zaka zisanu ndi zinayi, Chemo sanabwezere munthu. Wina akamuyandikira akukuwa, iye ankapinda manja kumbuyo, lamanzere litagwira lamanja mwamphamvu, n'kuyang'ana pamwamba pa mutu wa munthuyo. Migdalia yekha ndi amene ankaona zipsera za zikhadabo pa dzanja lamanjalo.

Ligi sinkamupatsa masewero a Zinkhanira, poti kunali kwawo. Koma mu 1993 Zinkhanira ndi Akabawi zinafika mu ndime yomaliza, zinapambana katatu katatu, ndipo masewero achisanu ndi chiwiri, olimbirana chikho, anagwera ku Boca Prieta Lamulungu masana. Tauniyo inali isanaonepo chikho chiyambire. Oyimbira awiri amene anasankhidwa analandira mafoni owauza mayina a ana awo ndi sukulu zimene amapita, ndipo onse awiri anadwala mwadzidzidzi. Akuluakulu a ligi anatchula dzina la Chemo mwamanyazi, akuyembekeza kuti Akabawi akana. Mphunzitsi wa Akabawi anayankha kuti, "Munthu ameneyo anatichotsera diso, koma wezulo wake sanama. Abwere." A ku Boca Prieta anavomera akumwetulira. Kwa iwo Chemo anali mwana wa pakhomo.

Woyimbira mnzake anali Lalo Betancourt, mphunzitsi wa masamu, kamunthu kowonda ka magalasi, kamene kanavomera chifukwa panalibenso wina.

M'mawa wa Lamulungulo Rufo anafika kunyumba ndi poto wa nyama ya nkhumba ndi nthochi zokazinga. Mutu unali utachita imvi, koma ng'oma anali akuimbabe.

"Alamu! Mudye, mukhale ndi mphamvu zopemerera kawezulo kanuko."

"Zikomo, alamu. Ikani patebulopo."

"Sitikupempha zambiri ife. Simuba, tikudziwa. Koma pena munthu diso limagwera kachitsotso. Kwa kamphindi kokha."

"Anga sagwera."

Rufo anaseka, koma maso sanaseke. "Chibale ndi fupa, alamu. Mawa a kumapiriwo adzakhala atabwerera kwawo. Inu mudzagula buledi pompano."

"Tenga poto wako, Rufo," anatero Migdalia ali kukhitchini. "Kuno tadya kale."

Holo ya masewero ya ku Boca Prieta inamangidwira anthu zikwi zinayi, koma tsikulo munalowa zikwi zisanu ndi chimodzi. Ena anakhala pa zitsulo za denga. Apolisi analipo asanu ndi atatu. Kutentha kwake, thabwa la pansi linkachita thukuta. Masewero anali nkhondo kuyambira mpira woyamba: magazi pa jezi, osewera awiri kutulutsidwa, botolo kuswekera pa tebulo la olemba mapointi. Lalo asanaimbe wezulo ankayamba wayang'ana kwa masapota.

Kutatsala masekondi anayi, Zinkhanira zinali patsogolo ndi pointi imodzi. Ng'oma ya Rufo inkagwedeza nthiti za aliyense. Mpira unali wa Akabawi. Wosewera wawo anathamangira kumkombero n'kudumpha, ndipo chimphona cha Zinkhanira, mnyamata amene Chemo anamunyamulapo ali khanda, chinamulowetsa chigongono m'nthiti mpira usanachoke m'manja. Unakagwera kutali. Holo yonse inaphulika ndi chimwemwe. Lalo anali pafupi, anaona zonse, koma anangoima, wezulo ali lende pachifuwa.

Chemo anaimba.

Poyamba ambiri sanamve. Anaimbanso, dzanja lili m'mwamba, kuloza chimphonacho, n'kuonetsa zala ziwiri: wa Akabawi uja aponye kawiri ali pamzere, popanda womutchinga. Phokoso linazima pang'onopang'ono mpaka ng'oma inasiya. Wosewera wa Akabawi anaima pamzere atagwira nthiti. Woyamba unalowa. Wachiwiri unazungulira mkombero, kuzungulira, n'kugwera mkati. Belu linalira, Akabawi atapambana ndi pointi imodzi.

"Thamanga, Lalo," anatero Chemo. "Usatembenuke."

Kuchokera pakati pa bwalo kufika pachitseko cha chipinda cha oyimbira panali mapazi makumi atatu. Mpanda unagwa iwo atayenda khumi. Anthu anakhuthukira m'bwalo ngati madzi oboola damu. Osewera a Akabawi anathawira khomo lina, apolisi onse atawazungulira. Chemo anakankha anthu ndi chifuwa, manja ali kumbuyo, malovu ndi zibakera zikumugwera kumaso, mpaka anagwira chitseko. Atacheuka, Lalo panalibe. Panali mulu wa misana, ndi miyendo ikukwera n'kutsika ngati anthu akupondaponda dothi la njerwa.

Chitseko chinali chotsegula. Akanalowa n'kukhoma.

Anabwerera. Anang'amba muluwo n'kudzigwetsa pamwamba pa Lalo, kumuphimba ndi thupi lake lonse. Magalasi a Lalo anali ataswekera kumaso. Mateche anasamukira pa Chemo. Mpando wachitsulo unamutera pamsana, wina pakhutu lakumanzere, ndipo m'mutu munalira chinthu ngati waya woduka. Anamva nthiti ikuthyoka, kenako ina. Anapirira, mano ataluma. Ankawamva mawu ndipo ankawadziwa: wogulitsa nyama, mwana wa aneba, munthu amene anamuimira pa ubatizo wa Yolanda.

"Yudasi! Wagulitsa tauni!"

"Mupheni galuyo!"

Ndiye wina anagwira Lalo mwendo n'kumukoka kumuchotsa pansi pake. Chemo anadzutsa mutu n'kuona paipi yachitsulo ikutsika pa mutu wa mphunzitsiyo. Thupi la Lalo linadumpha kamodzi n'kukhala zii. Paipi inakweranso.

Chemo anaimirira. Anali ndi zaka makumi anayi, wonenepa, nthiti zothyoka, koma manja ake anali asanaiwale kanthu. Wa paipiyo anamugwira dzanja n'kulipindira kumene silipindikira. Wachiwiri anamumenya ndi mutu pamphuno. Wachitatu anamunyamula n'kumuponya pa anzake. Anthu anayamba kubwerera m'mbuyo, kuterereka pa magazi ndi mowa. Iye anaima atatangadza pamwamba pa Lalo, akupuma ngati ng'ombe, wezulo akulendewerabe m'khosi. Kumbuyo kwake anamva munthu akuthamanga, chitsulo chikukhwekhwereza pansi. Sanayang'ane. Anadikira kuti afike, n'kutembenuka ndi thupi lonse.

Anali Rufo, atanyamula mwendo wachitsulo wa ng'oma yake. Chigongono chinamupeza pa nsagwada. Anagwa chammbali, pakamwa patakhotera kukhutu, mano ali mbwee pa thabwa.

Apa m'pamene apolisi ena anafika n'kuponya utsi wokhetsa misozi. Chemo ananyamula Lalo ngati mwana n'kutuluka naye panja, dzuwa likadali m'mwamba, ndipo anakomokera pa khomo la ambulansi.

Lalo sanafe. Anagona masabata atatu osadziwa kanthu, ndipo atadzuka lilime linali lolemera, dzanja lamanja losagwira choko. Ku kalasi sanabwererenso. Rufo madokotala anamumanga nsagwada ndi waya miyezi iwiri. Chemo anatuluka m'chipatala ndi nthiti zinayi zothyoka, zala ziwiri zopindika, ndi khutu lakumanzere lakufa. Mpaka lero anthu amatsutsanabe za Rufo. Ena amati ankathamangira kudzamaliza mlamu wake, ena amati ankabwera kudzamuteteza. Iye mwini, waya atachotsedwa, ankangoti sakukumbukira.

Mlandu wovulaza anthu utafika kukhoti, woweruza anaonera kanema wa tsikulo kawiri n'kumumasula Chemo. Ligi inamulembera kalata yomuthokoza chifukwa cha kulimba mtima, ndipo m'ndime yomaliza ya kalata yomweyo inati woyimbira amene wamenya masapota sangapatsidwenso masewero. Holo ya ku Boca Prieta inatsekedwa chaka chimodzi, ndipo tauni inati zonsezi ndi chifukwa cha Chemo. Magalasi a nyumba yake anaswedwa katatu. Galu wawo anamupeza pachipata atakhapidwa ndi chikwanje. Pakhoma analemba ndi penti yofiira mawu amene Migdalia anawapaka laimu, n'kulembedwanso, n'kuwapakanso.

Miyezi imeneyo Migdalia ankaphika msuzi m'mawa, kuusefa, kupita nawo kwa mchimwene wake kuti akamwe ndi kapaipi, kenako kubwerera kudzamanga nthiti za mwamuna wake. Sankanyamula uthenga wa wina kupita kwa wina. Tsiku lina akumanga bandeji, Chemo anafunsa ngati akufuna asamukire kumzinda.

"Inu mukufuna?"

"Ayi. Ndinabadwira pano."

"Ndiye khalani chete, kwezani mkono. Amuna awiri akuluakulu, wina wosamva, wina wosatafuna, chifukwa cha mpira wa mphira. Ndikanadziwa ndikanapita ku usisitere."

"Ukuganiza kuti ndinalakwa kuimba?"

Migdalia anakoka bandeji mpaka Chemo anabuula. "Faulo inalipo. Ndinaiona ndili pa mipando ya pamwamba penipeni. Koma musandifunse za mchimwene wanga."

Atachira anagula minibasi yakale n'kuyamba matola pakati pa Boca Prieta ndi mzinda. Chaka choyamba ankanyamuka ndi mipando yopanda anthu. Anthu ankalolera kuima padzuwa kudikira galimoto ina. Kenako anayamba kukwera amayi okalamba opita kuchipatala, poti Chemo ankawanyamula kuwakweza ndiponso sankathamanga. Ena anatsatira, mmodzimmodzi, osapereka moni. Wogulitsa nyama uja anakwera patatha zaka zinayi, anakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo potsika anati, "Mabuleki anu akulira, Don Chemo." Kupepesa kwake kunali komweko.

Lachinayi lililonse ankaima kwa Lalo, kumukweza kutsogolo, n'kumazungulira naye ulendo wonse. Lalo ankakhala kumanja, mbali ya khutu lamoyo, n'kumalankhula mawu ake okokakoka, Chemo n'kumayankha ngati wamva zonse. M'holo Chemo sanalowemonso. Masewero ankamvera pa wailesi ali pakhonde, akutukwana oyimbira amene sankawaona. Iye ndi Rufo ankakumana pa maliro ndi pa maukwati, kugwedezerana mutu, aliyense n'kukakhala mbali yake. Yolanda atakwatiwa, anajambulitsa chithunzi onse awiri, mkwatibwi ali pakati, ndipo palibe amene akuyang'ana mnzake.

Matenda a shuga anamupeza ali ndi zaka makumi asanu. Anamudula chala cha kuphazi, kenako phazi, kenako mwendo kulekeza m'bondo. Anamwalira mu Okutobala 2011, Lachiwiri m'mawa, akudikira khofi.

Mwambo wa maliro unachitikira m'nyumba yachisoni ya pamsewu waukulu. Cha m'ma 10 koloko anafika oyimbira opuma ntchito asanu ndi mmodzi, atanyamula malaya a oyimbira kuti ayale pa bokosi. Asanamalize kuyala, analowa madoda a masapota a Zinkhanira ndi mbendera yofiira, akuti nambala 15 anali wawo asanakhale wa wina aliyense.

"Wanu? Si inu munamuswa khutu?" anatero woyimbira wina.

"Ndiye inu munamuthandiza chiyani? Munadwala m'mimba tsiku lija!"

"Chotsa chisanza chakocho pa bokosi!"

"Chisanza ndi amako!"

Nkhalamba ina ya zaka makumi asanu ndi awiri inaponya chibakera, inaphonya, n'kugwera pa maluwa. Ndodo zoyendera zinakwera m'mwamba. Wina anaswedwa mlomo ndi choikapo kandulo. Pokokerana mbenderayo bokosi linasendera kumapeto kwa tebulo, ndipo likanagwa pakanapanda Yolanda ndi mwamuna wake kuligwira. Ansembe anabisala kuseri kwa chitseko.

Migdalia anadzuka pampando, anatenga ketulo yaikulu ya khofi wa olira, n'kuikhuthula yonse pansi pakati pa magulu awiriwo. Khofi wotentha anawathovukira m'mapazi, onse n'kudumphira m'mbuyo.

"Tulukani. Nonse. Mbendera yanu, malaya anu, tengani. Ameneyu wavala shati imene ndinamusokera ine, ndipo apita ndi imeneyo."

Anatuluka mwakachetechete, wina akutsimphina, wina atagwira mpango pakamwa. Panja anayambiranso, mpaka apolisi anatengapo awiri. Bokosi linanyamulidwa masana ndi madalaivala a matola, mvula ikuwaza, ndipo Migdalia anatsalira pang'ono kuti akolope pansi, poti sanafune kusiyira eni nyumbayo ntchito.